K3,000 yomwe inandidyera belo

Digiri yanga yakhala pansi pa matiresi kuyambira 2021, ndipo kupatula mphemvu, palibe bwana amene wayiwerengapo. Titatopa ndi kutumiza makalata ofunsira ntchito, ine ndi mnzanga amene tinkachita naye lendi chipinda chimodzi ku Ndirande tinagwirizana zoyamba geni ya kaunjika. Iye anagulitsa foni ndi njinga. Ine ndinaphatikiza ya maganyu ophunzitsa ana masamu ndi ngongole ya banki m'khonde imene amayi ananditengera m'dzina lawo.

Lachitatu pa 8 Novembala 2023 tinakwera minibasi ya ku Limbe, ndalama zili m'masokosi. M'mawa umenewo mnzangayo anali atadya kanyenya wogona pa chiwaya, ndipo pofika pa Maselema n'kuti akutuluka thukuta losagwirizana ndi dzuwa.

Mwini shopu anati belo la malaya ndi K250,000. Apa ndiyenera kuulula kuti kukoleji ndinaphunzira zachuma, ndiye ndinayamba kunenerera ngati ndikulemba mayeso. Ndinamutsitsa mpaka K243,000. Ine ndinkafuna K240,000, osawonjezera ngakhale tambala. Tili mkati mokokanakokana, mnzanga anandikodola.

"Aise, m'mimba mwavuta."

Anapempha kuchimbudzi. Mwini shopu anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Chimbudzi n'cha makasitomala, bambo. Inu mwagula chiyani?"

Sindinaonepo munthu akuvula sokosi mwachangu chotero. Anaponya K250,000 yonse pa kauntala, n'kuloza belo lomwe linali pafupi ndi khomo osaliyang'ana n'komwe, n'kulanda kiyi, liwiro.

Ndinaseka mpaka misozi. Kenako ndinauza mwini shopu kuti, "Ndibwera mawa, mudzachita kundiitana nokha." M'minibasi pobwerera, belo lake litatipanikiza maondo, ndinamuphunzitsa mnzangayo ulere za msika kuchokera ku Limbe mpaka ku Ndirande. Ndinati kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye ankangobuula.

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi wailesi ya aneba. Kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Dola imene dzulo lake inali pa K1,180 tsopano ili pa K1,700. Kuphunzira n'kwabwino ndithu: pabwalo lonselo ine ndinali woyamba kumvetsa bwinobwino mmene ndaferamo. Kaunjika amachokera kunja, amagulidwa ndi dola, ndipo ndalama za m'sokosi mwanga zinali zitaonda usiku umodzi ngati nkhuku ya chitopa.

Ndinathamangira ku Limbe osasamba. Shopu yotseka, pachitseko atamata kapepala koti akuwerenga katundu. Lachisanu anatsegula, mtengo utalumpha kufika pa K350,000. Mwini shopu atandiona nkhope inawala.

"Aaa, bwana a K3,000 aja! Takulandirani. Takuitanani tokha?"

Manyazi anandikaniza kubwerera chimanjamanja. Pakona panali kabelo kena kafumbi, kapepala kake katafufutika, kamene mtengo wake unkalingana ndi thumba langa. Nthawi imeneyi sindinanenerere.

Kunyumba ana a pabwalo anazungulira pamene ndinkadula mawaya. Kabelo kanafufuma, n'kulavula majekete. Majekete a chisanu cha ku Ulaya, onenepa ngati matiresi, ena aubweya m'khosi, kuphatikizapo zipewa zotseka makutu. M'thumba la jekete lina ndinapezamo magolovesi ndi kandalama kachitsulo ka dziko lomwe sindinalizindikire, ndipo phindu langa la sabata imeneyo linali lomwelo. Musaiwale kuti uyu ndi Novembala, mvula isanagwe, nthawi imene ngakhale abuluzi amabisala.

Ndinayesabe. Ndinavala jekete lofiira lofika m'maondo kuti anthu aone kukongola kwake, n'kuima pamsika masana dzuwa lili paliwombo. Palibe anafunsa mtengo. Gogo wina wogulitsa tomato anandiyang'anitsitsa, n'kundigwira pachipumi.

"Mwana wanga, malungo amenewa. Pita akakuyeze magazi lero lomwe."

Nzeru zinandiuza kuti ndidikire Juni, chiperoni chikayamba aliyense adzandifuna. Koma banki m'khonde sidikira chiperoni. Mu Febuluwale amayi anayi anafika ndi amayi anga ali pambuyo, nkhope ili pansi, n'kunyamula majekete onse ngati chikole. Juni atafika ndinawaona ndi maso angawa akuwagulitsa ngati mandasi otentha. Lofiira lija anavala ndi tcheya wawo.

Belo la mnzanga lija linatuluka malaya abwino okhaokha, ndipo anawagulitsa pa mitengo yatsopano. Pano ali ndi mabenchi atatu. Pa limodzi mwa mabenchiwo wokuwa "sankhani, sankhani" ndine, digiri ndi zonse.

Mwezi watha achinyamata a kutchalitchi anamuitana kuti akawalimbikitse pa za bizinesi. Ndinapita nawo monyamula chikwama. Anaima kutsogolo atavala suti, n'kukweza chala.

"Anzanga, za mwayi iwalani. Ena amazengereza, amanenerera, amati mawa. Ine nthawi yogula itakwana palibe anandiuza. Ndinachita kumva m'thupi."

Anthu anaomba m'manja. Mtsikana amene ndinakhala naye pafupi anandifunsa monong'ona ngati zimenezo zinali zoona.

"Zoona, chemwali," ndinatero. "Ndinalipo. Anamvadi, mpaka thukuta."