Khoma la pabalaza, nsanza ndi penti wa mtundu wa dothi

Loweruka madzulo.

Ndikulemba izi penti akadali m'mphepete mwa zikhadabo, ndipo kafungo kake sikanathe pabalaza ngakhale mazenera onse ali pululu. Khoma latha, kupatula kachigamba kamodzi kumanja kwa zenera kamene kandivutitsa mtima masana onse.

Khoma ili ndi limene limayang'anana ndi chitseko, moti munthu akangolowa maso ake amagwera pomwepo. Kwa zaka zitatu lakhala loyera mbee, losalala, lopanda kanthu, ndipo madzulo ndikakhala pampando ndinkamva ngati ndili pamalo odikirira, osati kwathu. Chimene ndinkafuna ndi khoma looneka kuti lakhalitsa, ngati lija lopakidwa njereza kangapo kenaka n'kumasuluka pang'onopang'ono, pena podera pena powala. Kapakidwe kotere amakatcha faux painting. Mawu akuti faux ndi a Chifalansa, amanena chinthu chongofanizira: penti wamba amapakidwa mwanjira yoti azioneka ngati mwala, thabwa, chikopa kapena pulasitala wakale. Luso lake ndi lamakedzana. M'nyumba za ku Pompeii, mzinda umene unakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, muli makoma amene anawapaka kuti azioneka ngati miyala ya mabo. Ine za mabo sindinaziganizire n'komwe. Ndinasankha njira imene woyamba kumene angaikwanitse, yopaka penti wopyapyala pamwamba pa wina kenaka n'kumamuchotsa ndi nsanza asanaume.

Ntchito yeniyeni inayamba Lachinayi, ndipo inali yosasangalatsa. Ndinazula misomali, n'kumata mabowo ndi ming'alu, n'kudikira kuti ziume, kenaka n'kukwecha ndi sandipepa. Nyumba yathu si yakale kwambiri, koma amene ali m'nyumba yakalekale asathamangire kukwecha: penti wamafuta wa nthawi imeneyo kawirikawiri ankakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi loopsa makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Nditapukuta fumbi ndi nsalu yonyowa, pamene ndinamata ndinapakapo andakoti, penti woyambirira wotseka khoma, chifukwa pamalo potero pamamwa penti kuposa pena ponse ndipo pakanadzaonekera ngati zipsera. Dzulo ndiye ndinapaka penti wapansi kawiri ndi rola, mtundu wa kirimu wotuwirako. Ndinagula wonyezimira pang'ono, amene pachitini amalemba kuti satin. Wosanyezimira uja amamwa chilichonse chimene wamuika pamwamba, ndiye nsanza sikanakhala ndi choti ichotse.

Lero ndinadzuka 6 koloko isanakwane n'kupita kukayang'ana makatoni atatu amene ndinayeserapo usiku. Ndinawatsamiritsa kukhoma kuti ndiwaone ndi kuwala kwa m'mawa. Loyamba ndinasungunula penti ndi madzi okha, ndipo linatuluka ndi mizere yoyenderera, komanso linauma ndisanamalize n'komwe kulisisita. Enawo ndinasakaniza ndi glaze, madzi aja ooneka ngati mkaka m'chitini koma akauma amakhala oonekera mkati. Ntchito yake ndi iwiri: amachititsa kuti mtundu wapansi uzionekerabe, komanso amachedwetsa kuuma kuti munthu apeze mpata wogwira ntchito. Katoni lachiwiri linali la makapu 2 a glaze pa kapu imodzi ya penti, ndipo linadera kwambiri. Lachitatu, makapu 4 pa kapu imodzi, ndi limene linandigwira mtima. Ndinasakaniza wokwanira khoma lonse nthawi imodzi m'ndowa, chifukwa ukasakaniza kawiri mtundu sufanana ndendende.

Mtundu wake ndi wachikasu chodera, umene amautcha ochre, ndipo ndinadonthezamo pang'ono wofiirira wa sienna. Ndimaikonda mitundu imeneyi podziwa kumene inachokera. Ochre ndi dothi lokhala ndi dzimbiri lachitsulo, ndipo anthu akhala akulembera m'mapanga kuyambira kalekale. Sienna anatenga dzina ku mzinda wa Siena ku Italy, ndipo akamuwotcha amasanduka wofiira moderako. Mwina n'chifukwa chake mitunduyi sikangana ndi thabwa, mphika kapena dengu. Zonsezo kwawo n'kumodzi.

Mng'ono wanga anafika cha m'ma 8. Tinayala pepala la pulasitiki pansi, n'kumata tepi m'mphepete mwa siling'i, pa felemu ya zenera, pa soketi ndiponso pa makoma awiri oyandikana nalo. Nsanza ndinadula ku masikipa akale a thonje, ndipo mipendero yonse ndinaichotsa chifukwa msoko umasiya chidindo chake pakhoma. Tinagawana chonchi: iye apake ndi bulashi yaikulu mopingasapingasa, ine ndizitsatira ndi nsanza.

Malo oyamba, pakona ya pamwamba kumanzere, dzanja linkanjenjemera. Ndinakwinya nsanza ngati duwa, n'kuiguditsa pakhoma pang'onopang'ono, n'kuinyamula, n'kutembenuza dzanja, n'kuiguditsanso. Kirimu wapansi anayamba kusuzumira m'kati mwa chikasu chija ngati kuwala kodutsa m'masamba. Mng'ono wanga anaima ali ndi bulashi m'manja n'kunena kuti, “Achemwali, taonani, zikutheka!” Ndinamuuza kuti, “Usaime iwe, paka apo pasanaume.”

Pamenepo ndiye pagona ntchito yonse. Mphepete mwa malo amene wapaka pasaume usanalumikize ndi malo otsatira. Pakauma, penti watsopano amakwera pa wakale ndipo pamatuluka mzere wodera umene suchoka. Ndiye tinkapaka malo aang'ono, pafupifupi mita imodzi mulitali ndi mulifupi, ndipo tinkasamala kuti asakhale a makona anayi. M'mphepete mwake tinkamusiya wokhotakhota ngati mtambo, kuti diso lisadzapeze polumikizira. Tinkatsika mopendekera kuchoka pamwamba kumanzere kulowera pansi kumanja. Foni inalira kawiri, palibe anaiyankha. Khoma lotere ukaliyamba sulisiyira pakati, umapumira pakona.

Pali zinthu zina zimene manja anga anaphunzira okha mu ola loyambalo. Nsanza ikakhuta imasiya kuchotsa penti n'kuyamba kumubwezera pakhoma, ndiye ndinkasintha kawirikawiri. Zonse pamodzi zinapita 11. Dzanja likazolowera limayamba kubwereza chidindo chimodzimodzi, moti ukayang'ana patali umaona timaluwa tofanana tili pamzere ngati nsalu ya m'sitolo. Ndinkayenera kuikwinyanso nsanza mwatsopano pafupipafupi. M'makona nsanza sifika bwino ndipo penti amaunjikana, ndiye ndinatenga kabulashi kakang'ono kouma n'kumagogoda nako pang'onopang'ono mpaka mtundu utabalalika. Ndipo nsanza ikhale ndi munthu mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mng'ono wanga anapempha kuti tisinthane mkono wanga utatopa, koma ndinakana, chifukwa aliyense ali ndi kaguditsidwe kake ndipo khoma likanaoneka la anthu awiri.

Tsopano za kachigamba kaja. Titadutsa zenera ndinatsika pa makwerero n'kubwerera m'mbuyo masitepe angapo kuti ndione. Kumanja kwa zenera, pamalo pamene tinali titadutsa mphindi ngati 20 m'mbuyomo, ndinaona kuti pandera pang'ono. Mtima unandiuza kuti kungogunda kamodzi kokha pakhala bwino. Ndinagunda. Penti anali atayamba kugwira, pamwamba pouma koma pansi pofewa, ndipo nsanza inamatula kachikopa konse n'kusiya dontho loyera ngati chikhatho cha mwana. Ndinayesa kupakapo wina, ndipo m'mphepete mwa dontholo munadera n'kukhala ngati mphete. Ndinamva kutentha kumaso. Mng'ono wanga anandigwira pamkono n'kunena motsitsa kuti, “Achemwali, pasiyeni. Mukapitiriza pakula.” Ndinamumvera, tinabwerera pamene tinasiyira mphepete isanaume, ndipo tinamaliza khoma lonse 11 koloko itangodutsa.

Tepi tinaichotsa nthawi yomweyo penti asanaumitsitse, kukoka pang'onopang'ono mopendeketsa. Mzere wa kusiling'i unatuluka woongoka bwino, ndipo zimenezi zinanditonthoza pang'ono.

Masana, khoma likuuma, tinatulutsa zinthu zonse zimene ndakhala ndikusonkhanitsa miyezi yapitayi n'kuziyala pansi pakati pa balaza. Zinalipo zambiri kuposa mmene ndinkaganizira: madengu anayi, miphika iwiri yadothi, nyali yakale yachitsulo, thabwa lalitali limene linali la benchi yothyoka, galasi la felemu yamtengo, kapeti wa khonje, mabotolo, ndi kabokosi kena kamene ndinagula chifukwa kankaoneka kakale.

Kabokosi kameneka ndi kamene kanayamba kuchoka. Nditakaika pafupi ndi thabwa la benchi lija, kusiyana kwake kunaonekeratu. Thabwalo linaperepeseka pamene anthu ankakhala, m'mphepete mwake munasalala ndi manja, ndipo pali mabowo awiri akuda pamene misomali inachita dzimbiri. Chilichonse pa ilo chili ndi chifukwa chake. Kabokosiko anakakwecha ku fakitale, mofanana mbali zonse zinayi, ngakhale pamalo pamene dzanja silingafike. Mng'ono wanga anandifunsa kuti, “Nanga khomali si lonamiziranso?” Funso lake linandikhalitsa chete kwa kanthawi. N'zoona, khomali si lakale. Koma chidindo chilichonse chili pamenepo chachokera m'dzanja langa lero, ndipo palibe malo awiri ofanana. Komanso ndaona kuti khoma lofanizira limafuna kuti zoima patsogolo pake zikhale zenizeni. Ukaliunjikira zofanizira zinzake, chipinda chonse chimaoneka ngati malo ochitira sewero.

Ndiye tinayamba kuchotsa. Mabotolo anabwerera m'katoni. Pa madengu anayi ndinasunga awiri, lalikulu lophwatalala loti lidzapachikidwe ndi lina lakuya loikamo zofunda pansi. Galasi ndinalikonda, koma felemu yake ili ndi vanishi wonyezimira kwambiri, ndipo pafupi ndi khoma lofatsa chonchi linkachita kulasa m'maso, lipita kuchipinda. Mphika umodzi wokha watsala, wakuda mbali imodzi ndi moto umene anauwotchera. Kapeti wa khonje watsala, nyali yachitsulo yatsala. Poyamba ndinkaganiza kuti kukongoletsa kwa mtundu umenewu n'kudzaza nyumba ndi zinthu zakale. Lero ndaona kuti khomalo palokha lili kale ndi zambiri zoti diso lione, ndipo likufuna malo opumira. Mbali yaikulu ndiisiya yopanda kanthu.

Thabwa lija likhala shelefu. Ndinalitembenuza n'kuliyang'anitsitsa ngati lili ndi timabowo ting'onoting'ono totuluka ufa, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro chakuti tizilombo tofukula matabwa tikadali m'kati, ndipo tikhoza kusamukira ku mipando ina. Ndinaligogoda pansi, ufa sunatuluke. Ndinalitsuka ndi bulashi yolimba, koma sindinalipale, chifukwa kutuwa kwakeko ndi kumene ndikufuna. M'malo mwa vanishi ndinalipaka phula la njuchi lofewa n'kulipukuta ndi nsalu mpaka mizere ya mtengo inatuluka, yakuda ndi yofiirira, ndipo ukaligwira limamveka kuti ndi mtengo. Ndinaganizapo za mafuta a linseed, ofinyidwa ku njere za fulakesi, amenenso amachita bwino pa matabwa otere, koma ali ndi ngozi imene ambiri saidziwa: nsanza zonyowa ndi mafutawa zikaunjikidwa pamodzi zimatentha zokha pamene mafuta akuuma, mpaka zimatha kuyaka moto. Wowagwiritsa ntchito aziyanika nsanzazo panja chotambasula kapena azimize m'madzi.

Shelefuyo sindiikhoma lero kapena mawa. Penti wamadzi amauma msanga ukamukhudza, koma kuti alimbe bwinobwino pamatenga masabata angapo, ndipo sindikufuna kukanda khoma ndi makwerero kapena kulisiyira zala. Ndangolemba papepala pamene idzakhale, chakumanzere pang'ono osati pakati penipeni, mphika mbali imodzi, nyali mbali inayo.

Dzuwa litapendeka ndinayatsa magetsi, ndipo mtima unagwa. Khoma lonse linasanduka lotuwa mobiriwira ngati ladwala. Vuto linali babu. Limene linalipo ndi loyera kwambiri, la 6500K (nambala ya pababu yosonyeza mtundu wa kuwala), ndipo kuwala kotero kumapha mitundu ya dothi. Ndinabweretsa la kuchipinda la 2700K, lowala mofiirira, n'kuliika pa nyale ya pakona kuti kuwala kuzidutsa chammbali. Chikasu chija chinabwerera, ndipo madontho a nsanza anayamba kuoneka ngati akuya, ena pafupi ena patali. Mng'ono wanga anakhala pansi pa kapeti osayankhula, kenaka anati akufuna tidzapake chonchi kuchipinda kwake mwezi wamawa, koma nsanza adzagwire yekha.

Kachigamba kaja kakuonekabe, ngakhale ndi kuwala kwa madzulo. Ndinaganiza zodzapachikapo dengu lalikulu lija kuti kabisike, koma ndikudziwa kuti ndizidzakumbukira kuti kalipo kuseri. Mawa kakadzauma gwa ndidzakwecha mphete yoderayo ndi sandipepa wosalala, ndipakepo kirimu wapansi ndi kabulashi, ndidikire aume, kenaka ndiguditse glaze wochepa kwambiri kuyambira pakati kupita kunja mpaka asowere mu wakale. Wotsala ndamuthira m'botolo lotseka bwino ndipo ndalembapo muyezo wake. Mabulashi ndatsuka, ali chozondoka pa sinki, ndipo nsanza imodzi yoyera ndaisunga padera ya mawa.