Mwana amatha kuwonkhetsa koma masamu a nkhani amamugwetsa

Makolo anzanga, pali chinthu chimandivutitsa maganizo ndipo ndikudziwa sindili ndekha. Mwana ukampatsa 48 kuwonkhetsa 27 amalemba 75 pompo, ma tebulo waloweza mpaka a 12, koma ukangotenga manambala omwewo nkuwaika mkati mwa kankhani, eti mayi wina anagula mazira 48 kenako anaonjezera ena 27, basi mwana uja wauma, pensulo mkamwa, maso kudenga. Ine masana ndimakhala ndi ana angapo pakhonde, wanga ndi a maneba, a Sitandade 5 mpaka 8, timapanga homuweki limodzi, nde zomwe ndikulemba apazi zambiri ndaziona ndi maso, zina ndinawerenga.

Chomwe ndaona nchakuti mwana sakulephera masamu ayi, akulephera kumva nkhaniyo. Ndipo nthawi zambiri sawerenga nkomwe, amangosaka manambala awiri nkusaka liwu limodzi lomuuza chochita. Aphunzitsi ambiri, sindikuwanena ayi chifukwa kalasi ya ana opitilira 100 si masewera ndipo vuto lodzadzanali tinayamba nalo kalekale pomwe pulayimale yaulere inabwera mu 1994, amawapatsa ana njira yachidule kuti akhoze mayeso: ukaona "altogether" wonkhetsa, ukaona "left" chotsera, ukaona "more" wonkhetsa, ukaona "share" gawa. Ku Sitandade 3 zimayenda ndithu. Koma taonani funso ili, Mphatso ali ndi mango 12, ali ndi "5 more than" Chikondi, Chikondi ali ndi mango angati? Mwana waona "more" walemba 17, wadula mzere pansi ndi rula bwinobwino akumwetulira, pomwe yankho ndi 7. Lina ndi ili, Tadala anapatsa mnzake makope 4 ndipo watsala ndi 9, poyamba anali ndi angati? Waona "left" wachotsera wapeza 5. Munthu amene anali ndi makope 5 angapereke 4 nkutsala ndi 9? Ukamufunsa choncho mwana yekha amaseka nkunena kuti aaa sizingatheke, kutanthauza kuti nzeru zilipo, sanazitsegule chabe.

Si ana athu okha. Ku France, mumzinda wa Grenoble cha m'ma 1980, ofufuza za maphunziro anafunsa ana a pulayimale kuti m'sitima yapamadzi muli nkhosa 26 ndi mbuzi 10, kodi woyendetsa sitimayo ali ndi zaka zingati? Funso lopanda yankho limenelo, koma ana 76 mwa 97 anaseweretsa manambala aja nkupereka yankho, monga 36. Yesani kufunsa wanu madzulo ano, musinthe mungoti m'khola muli nkhuku 20 ndi abakha 15, mwini khola ali ndi zaka zingati, mumve zomwe anene. Akanena 35 musamukalipire chonde, waphunzira kuti ku sukulu funso lililonse lili ndi yankho ndipo manambala onse omwe apatsidwa ayenera kugwira ntchito, ndife akuluakulu tinamuphunzitsa zimenezo.

Kwathu kuno tili ndi katundu wina pamwamba pake, chizungu. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo pepala la masamu la MANEB la Sitandade 8 limabwera m'Chingerezi, nde mwana amene kunyumba, kumsika, kutchalitchi ndi ku mpira konse amayankhula Chichewa kaya Chitumbuka kaya Chiyao akulimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, chiganizo ndi masamu. Akalakwa ife timangoti ndi mbuli pa masamu pomwe mwina chamugwetsa ndi liwu limodzi ngati "each" kapena "remainder". Koma mwana yemweyo mumutume kukagulitsa mandasi pa msewu, munthu agule 7 a K200 apereke K2,000, chenje cha K600 chimatuluka asanagwire pensulo, ndipo simungamubere olo K50. Zoterezi anaziona kale ku Recife ku Brazil pa kafukufuku yemwe anatuluka mu 1985, ana ogulitsa malonda mumsewu ankakhoza pafupifupi zonse akamawerengera kasitomala, koma masamu omwewo atawalembera papepala manambala okhaokha sanakhoze ngakhale theka.

Nde pakhonde pathu lamulo loyamba ndilakuti pensulo pansi. Mwana awerenge funso mokweza, kawiri ngati kuli kofunika, kenako nditseka bukulo nkumuuza kuti tandiuza nkhaniyi m'Chichewa, ngati ukuuza agogo ako. Osatchula manambala kaye, angondiuza kuti muli ndani, wachita chani, chachitika nchani pambuyo pake. Apa mpamene pamaoneka chilichonse. Wina amafotokoza bwinobwino ndipo asanamalize amakuwa yekha kuti ooo ndiye kuti tichotsere, wina amakakamira pakati nde umadziwa kuti pali liwu lomwe sakulimva, umamuuza tanthauzo lake basi mwadutsa. Nthawi zina ndimaphimba manambala ndi chala kuyambira pachiyambi kuti asathamangire. Akatha ndimafunsa kuti akufuna tipeze chani kwenikweni, chifukwa ana ambiri amayankha funso lomwe silinafunsidwe, afunsidwa phindu iwo alemba ndalama zonse zomwe munthu wagulitsa. Kenako funso lomwe ndimalikonda kwambiri, yankho likhala lalikulu kapena laling'ono kuposa nambala iyi? Pa za Mphatso zija mwana akangonena kuti Chikondi ali ndi ochepa, 17 uja sangalembedwenso.

Kwa ang'onoang'ono zitsekerero za mabotolo, miyala, nyemba, timitengo, zonsezi zimagwira ntchito ndipo sizifuna ndalama. Muwasiye asewere nkhaniyo, uyu akhale Tadala uyu akhale mnzake, makope apatsane m'manja zenizeni. Kwa akuluakulu a Sitandade 6 kupita mtsogolo manambala amakula, sungawerenge miyala 9,000, nde timajambula timabokosi totalika. Njira imeneyi ku Singapore anaiyamba m'masukulu awo a pulayimale m'zaka za m'ma 1980 ndipo mpaka pano amaigwiritsa ntchito, koma musaope dzina la dziko, ndi kujambula chabe, olo pansi ndi kamtengo zimatheka. Mwachitsanzo, ana awiri agawana K9,000 koma wamkulu atenge K2,000 kuposa wamng'ono, aliyense apeza zingati? Pafupifupi mwana aliyense amayamba wagawa pakati, 4,500, kenako aonjezera 2,000 kwa wamkulu nkukhala 6,500, ndipo ukaphatikiza 6,500 ndi 4,500 ndalama zakwana K11,000 zomwe kunalibe. Tsopano jambulani mabokosi awiri, lina pamwamba lina pansi, lapamwamba litalike pang'ono, kachidutswa kotalikirako mulembepo 2,000. Mufunse mwana kuti tikadula kachidutswa aka mabokosi akhala bwanji, anena kuti afanana, nanga ndalama zatsala zingati, 7,000, ndiye bokosi limodzi ndi 3,500. Wamng'ono K3,500, wamkulu K5,500, kuphatikiza K9,000 ndendende. Palibe x palibe y, koma zomwe wachita apazi ndi zomwe akakumane nazo ku Fomu 1 mu algebra, ndipo akafika kumeneko sizidzamuopsa.

Pomwe ndimakhalitsa kwambiri ndi pa kugawa kokhala ndi zotsala, chifukwa apa mpomwe umaona ngati mwana akuganiza za dziko lenileni kapena akungotsatira mzere. Ku America pa mayeso ena a dziko lonse koyambirira kwa m'ma 1980 anafunsa ana a zaka 13 kuti asilikali 1,128 akukwera mabasi, basi iliyonse imanyamula 36, pafunika mabasi angati? Ambiri anagawa molondola, koma omwe analemba kuti 31 kutsala 12 anachuluka kuposa omwe analemba 32, lomwe ndi yankho loona. Ine ndimawafunsa za kwathu konkuno, anthu 50 akupita ku chinkhoswe, minibasi imanyamula 16, tibwereke ma minibasi angati? Akalemba 3 kutsala 2 ndimangofunsa kuti nanga awiriwo atsale pa siteji? Pompo amati ayi pafunika 4. Wina anandiyankha kuti kondakitala angowapanikiza momwemo, ndipo ndinasangalala naye kwambiri chifukwa iyeyo anaona anthu enieni m'minibasi yeniyeni, ndinangomuuza kuti zoona zimachitika koma pa mayeso tilemba 4. Kenako ndimasintha nkhani manambala osasintha, maswiti 50 kugawira ana 16, aliyense alandira 3 ndipo 2 atsala. Mazira 50 kuika m'mabokosi a 16, mabokosi odzadza ndi 3. Kugawa kumodzimodzi, mayankho atatu osiyana, ndipo chosankha yankho ndi nkhaniyo.

Za phindu ndi kuluza, zomwe zimawazunza a Sitandade 7 ndi 8, musavutike nkufuna zitsanzo kutali. Ngati muli ndi kageni pakhomo mugwiritse ntchito komweko. Thireyi ya mazira 30 mwaoda K9,000, atatu asweka panjira, otsalawo mukugulitsa K400 limodzi, tapindula kapena taluza? Mwana apeze kaye kuti otsala ndi 27, ndalama zolowa K10,800, phindu K1,800, ndipo pa K9,000 yomwe tinalowetsa imeneyo ndi 20 peresenti. Masitepe anayi amenewo, ndipo ine ndimaumirira kuti pa sitepe iliyonse alembe pambali kuti nambala iyi ndi chani, mazira otsala, ndalama zolowa, phindu, osangoti 27 yekhayekha ali pakona. Mwana amene amalemba dzina la nambala iliyonse sasochera pakati, ndipo olo alakwitse kuchulukitsa umaona msanga pomwe waphonya. Chinanso, mabuku ena omwe ana akugwiritsa ntchito mitengo yake ndi yakale, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo zinthu zakwera kangapo, nde mwana akaona buledi wa mtengo womwe sanauonepo amasiya kuyerekeza ndi moyo wake. Ndimawauza kuti imeneyo ndi mitengo ya nthawi ya amayi ako ali mtsikana, tiwerengere momwemo, kenako tibwereze ndi mitengo ya pa golosale ya lero.

Chovuta kwambiri kwa ife makolo ndi kudekha. Mwana akakhala chete masekondi ochepa timayamba kuyabwa mkamwa, tamuuza kale kuti chulukitsa apa, iye walemba, homuweki yatha, aphunzitsi achonga, koma mawa funso lina akhalanso chimodzimodzi kudikira wina amuuze chochita. Bola apange mafunso awiri okha madzulo onse koma awamve, kusiyana ndi khumi omuuzira. Ndipo kukalipa kapena kukwapula pa masamu chonde tisiye, mwana wamantha amangotola nambala iliyonse kuti mumusiye, saganizanso. Akalakwa ine ndimati tandionetsa wapeza bwanji, mwaulemu ndithu ngati ndikufuna kuphunzira kwa iye, ndipo kawirikawiri akamafotokoza amadzigwira yekha.

Pali amayi ena anandiuza kuti ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4, chizungu sindimva, ndingamuthandize bwanji mwana. Ndinawauza kuti inuyo ndiye muli pabwino, mwana akuwerengereni funsolo nkukumasulirani m'Chichewa, inu muzingofunsa pomwe simunamve, wagula zingati, wapatsa ndani, nde akufuna chani. Akalephera kukumasulirani ndiye kuti vuto lapezeka, alembe liwu lomwe lamuvutalo akafunse aphunzitsi mawa. Masamu a chenje, a kuchigayo, a matumba a chimanga ndi ndowa mumawadziwa kuposa iye, muzimufunsa mukamaphika kaya mukamabwera kumsika.

Masiku ano Lachisanu timatembenuza, ana ndi omwe amapeka mafunso. Ndimalemba 6 kuchulukitsa 350 papepala nkuwauza kuti aliyense apange nkhani yake yoti yankho lipezeke choncho, kenako asinthane. Poyamba ena ankalemba kuti ndinali ndi masikono 6 ndinagulanso 350, anzawo nkuwatsutsa kuti imeneyo ndi yowonkhetsa, mkangano weniweni mpaka kujambula pansi. Pano akubwera ndi za kabaza, za mayunitsi a foni, za matimati a pa mulu, ndipo a Sitandade 8 ayamba kuika dala nambala yosafunika mkati mwa nkhani kuti aone ngati mnzawo aigwiritse ntchito, kenako nkhani yomweyo amailemba m'Chingerezi kuti azolowere mmene MANEB imafunsira.