Tsopano ndamvetsa chifukwa chake amati mio padre

Mtima wanga wakhala m'malo. Nkhani ya timawu ta il ndi la (timene timaikidwa patsogolo pa dzina, ngati the wa Chingerezi) pa mayina a achibale m'Chitaliyana, yomwe yakhala ikundizunguza mutu chiyambire maphunziro athu a chinenerochi, yandilowa tsopano. Za mio, tuo ndi suo (wanga, wako ndi wake) sindifotokoza, anzanga mukuzidziwa kale, ndipo mukudziwanso kuti timati il mio libro (buku langa), la mia casa (nyumba yanga). Zimasokonekera tikafika pa abambo. Pamenepo il amazimiririka: mio padre (bambo anga), mia madre (mayi anga), tuo fratello (mchimwene wako), nostro zio (amalume athu). Usanapume n'komwe wabweranso: i miei fratelli (achimwene anga; i ndi il wa anthu ambiri), la mia sorellina (kamchemwali kanga), il loro padre (bambo awo).

Chanditsegula m'maso ndi ichi. Wachibale akakhala mmodzi, ndipo ukumutchula ndi mawu a ubale osakometsera, mawuwo amagwira ntchito ngati dzina lake. Mio padre ndi munthu mmodzi wodziwika kale, safuna kumulozanso. Koma ukangowonjezerapo kanthu, kaya wachulukitsa, kaya wachepetsa mwachikondi ndi -ino kapena -ina, kaya waikapo mawu omufotokoza, ndiye kuti wasiya kumutchula, wayamba kumulongosola, choncho il kapena la amabwerera pamalo pake. Mia sorella, koma la mia sorellina. Mio zio, koma il mio caro zio (amalume anga okondedwa). Mio cugino (msuweni wanga), koma i miei cugini (asuweni anga). Basi, nkhani yonse yathera pomwepo! Wamakani ndi loro (wawo) yekha, amene salola kusiyana ndi kamawu kake ngakhale wachibaleyo akhale mmodzi: il loro padre, la loro madre. Ameneyo ndangomuloweza pamtima, sindikangana naye.

Maganizo omwewa ndi amene andithandiza pa papà, mamma ndi babbo. Awa ndi mawu a pakhomo, achikondi kale mwa iwo okha, ndiye amatenga kamawu kaja: il mio papà, la mia mamma, il mio babbo. Babbo ndi wa kuchigawo cha Toscana makamaka, mwana wa mumzinda wa Firenze amaitana bambo ake choncho, ngakhale kuti ikafika Khirisimasi dziko lonse la Italy limati Babbo Natale potchula Father Christmas. Ndipo kachizindikiro ka pa papà musakachepetse. Mukagogomeza koyambirira m'malo mwa kumapeto, mwatchula Papa wa ku Vatican.

Njira imene yandithandiza, ndipo ndikulumbira kuti imaposa buku lililonse, ndi yojambula banja lako lenileni. Ine ndinatembenuza kalendala yakale n'kulemba kuseri kwake mayina a kwathu, agogo pamwamba, zidzukulu pansi, n'kuipachika pafupi ndi pamene ndimasitira zovala. Ndikamasita ndimaloza munthu mmodzimmodzi n'kunena mokweza: mia nonna, mio cognato, le mie zie, il mio fratellino. Nkhope ukuidziwa, ndiye mawu amakakamira. Pamenepo ndi pomwe umaonanso kuti banja lathu silikwana bwino m'mawu awo. Amalume ndi abambo aang'ono onse ndi zio. Azakhali ndi amayi aakulu onse ndi zia. Mdzukulu ndi nipote, mwana wa mchimwene wako nayenso ndi nipote, ndipo womvera amangozindikira yekha malinga ndi nkhaniyo. Achibale onsewo pamodzi ndi parenti, pomwe makolo okubereka ndi genitori. Amene mumadalira timasewero ta pafoni tophunzirira chinenero, pepani, muzingosewera.

Chimene chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi athu akanatha kunena zimenezi m'mawu ochepa. M'malo mwake anatipatsa pepala lodzaza ndi ndandanda ya malo amene lamulo siligwira ntchito, n'kunena kuti tiloweze, kenaka tinadumphira ku mayina a zipinda za nyumba chifukwa nthawi yatha. Nthawi imangotha. Munthu waweruka kuntchito watopa, netiweki ikudukaduka, ukafuna kufunsa funso akuti tikambirana sabata yamawa.

Za mafuno abwino n'zosavuta. Ku Italy tsiku la abambo, Festa del papà, limakhala pa 19 Malichi, tsiku la Yosefe Woyera, ndipo ku Napoli amadya zeppole di San Giuseppe, timakeke tokhala ndi kirimu pamwamba. Amati Auguri, papà (mafuno abwino, bambo) kapena Buona festa del papà. Agogo ali ndi lawo pa 2 Okutobala. Pofuna kunena kuti ndimakukonda, kholo amaliuza kuti ti voglio bene, pomwe ti amo amasungira wokondedwa.

Koma taonani kamawu ka ti kameneko. Ndi ka tu, iwe. Mwana wa ku Italy amati Ciao papà, come stai? (moni bambo, uli bwanji?) kwa bambo ake omubereka, ndipo sichipongwe ayi. Lei, wa ulemu, amapita kwa alendo, mabwana, nthawi zina apongozi. Kale ana ankati voi (inu) kwa makolo, ndipo kum'mwera kwa dzikolo mawu amenewa amamvekabe polankhula ndi akuluakulu. Lamulo ndalimva bwinobwino, pa mayeso ndilemba tu osakayika. Koma lilime limene linakula likuti inu abambo, kodi lidzazoloweradi? Dzulo ndinayesa kuloza dzina la bambo anga pa kalendala ija kuti ndinene come stai, pakamwa panatuluka come sta, muli bwanji wa ulemu. Kaya ndi nkhani yongoyeserera mpaka zitheke, kaya ndidzakhala choncho mpaka kalekale, ine kaya.