Ulendo wathu wa ku Mabvuku: ana akuphunzira mawu kudzera m'masewera

Loweruka lapitali, ife aphunzitsi a Sande Sukulu a mpingo wa CCAP ku Mufakose, mu Harare, tinakwera kombi kukacheza ndi anzathu ku Mabvuku, mumzinda womwewu. Tinamva kuti ana awo akuyankhula Chichewa chomveka, pamene athu akangotsegula pakamwa ndi Chishona ndi Chingerezi basi. Malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 amavomereza zinenero 16, Chichewa chili momwemo, koma mwana wobadwira mu Harare amachimva kwa agogo ndi kutchalitchi kokha.

Atatilandira ndi tiyi, anatilowetsa m'kalasi. Pamphasa panali titsekerero ta mabotolo, kalikonse kolembedwa phatikizo limodzi. Ana amagawidwa m'magulu, n'kumalimbirana kulumikiza. Kamtsikana kena kanagwira "nkhu", kakuyang'anayang'ana, mpaka mnzake anakaponyera "ni". Kanakuwa kuti, "Nkhuni!" Mphunzitsi sanakasiyire pomwepo. Anafunsa, "Nkhuni timatani nazo, mwanangu?" Kanayankha kuti timasonkhera moto. Apa ndi pamene ndinagoma, chifukwa mawu amodzi anabala chiganizo.

Kenako kunali masewera a msika. Pabenchi anayala therere, chinangwa, nyemba ndi bonongwe zenizeni, ndipo wogula sapatsidwa kanthu asanatchule dzina lake ndi kunenerera mtengo m'Chichewa. Phokoso lake ngati pa Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare! Anamaliza ndi ndagi. "Nyumba ya amayi yopanda khomo," ana onse pamodzi, "Dzira!"

Tabuleti anali nayo imodzi. Ine ndinkayembekezera zambiri pa iyo, koma mapulogalamu ophunzitsa mawu amene alimo ndi a Chingerezi, komanso magetsi amazimazima. Chimene chinandigwira mtima ndi foni wamba. Amajambula mawu a agogo a mumpingo akutchula ziwiya monga mtondo, musi, lichero ndi chipande, kapena akusimba nthano, ndiye amatumiza pa WhatsApp kwa makolo kuti ana azimvera madzulo. Mwana amatengera katchulidwe ka munthu amene anakulira ku Dedza kapena ku Ntcheu, kamene ife obadwira kuno kanayamba kutiphonya.

Pobwerera tinagwirizana kuti aliyense atolere titsekerero kunyumba, ndipo amayi a Chigwirizano atithandize kupempha agogo athu kuti tiwajambule. Anzathu a ku Mabvuku alonjeza kudzatiyendera mwezi wamawa kudzaona m'mene tayambira.