Mbiri ya moyo wanga, gawo lachitatu: Kugona ndi njala tikuona mapiri a kwathu

Mu gawo lapitalo ndinalekezera pamene tinayamba kugona kutchire, masana n'kumabwerera kumudzi kukaphika ndi kutsekulira ng'ombe. Lero ndifotokoza mmene tinachokera kwathu ku Angónia, m'dziko la Mozambique, ndi zaka zoyamba zimene tinakhala m'boma la Ntcheu ngati othawa nkhondo. Gawo lino landitengera nthawi kulemba chifukwa muli amayi anga ndi mng'ono wanga.

Amene simunafikeko ku Angónia mudziwe kuti kwathu kunali chakudya. Tinkalima chimanga, nyemba, mtedza ndi mbatata ya kachewere, kudimba kuli kabichi ndi mpiru, kuseri kwa nyumba kuli mitengo ya mapichesi. Ndiwo sitinkagula. Ndipo Malawi sitinkamuyesa dziko lachilendo. Msewu waukulu wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu, m'malo ambiri ndiwo malire: mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique. Anthu ake ndi amodzi, Angoni ndi Achewa, chilankhulo chimodzi, ndipo maliro akagwa mbali ina a mbali inayo ankawoloka kukakhuza. Azakhali anga, mlongo wawo wa abambo, anatengedwa chitengwa kumudzi wina kufupi ndi Lizulu, moti kumsika wa pa Lizulu ndinkapitako ndili kumbuyo kwa amayi nkhondo isanativute.

Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi a Renamo, omwe kwathu tinkangoti Matsanga, inayamba mu 1977, koma kwathu inachedwa kufika. Tinkangoimva kwa anthu ochokera ku Ulongwe, likulu la boma la Angónia. Chimene chinawazizitsa nkhongono abambo ndi zimene zinachitika kumapeto kwa October 1985, pamene ansembe awiri a Chijezuiti, bambo João de Deus Kamtedza ndi bambo Sílvio Moreira, anatengedwa usiku n'kuphedwa kufupi ndi mishoni ya Lifidzi. Bambo Kamtedza anali mwana wa ku Angónia komweko. Abambo anati ngati munthu wa mkanjo akuphedwa chonchi, wa khasu atsala bwanji? Chaka chotsatira, pa 19 October 1986, ndege ya pulezidenti wa Mozambique, Samora Machel, inagwa ku Mbuzini m'dziko la South Africa. Akuluakulu anamva uthengawo atazungulira wailesi imodzi ya m'mudzimo, ndipo tsiku limenelo palibe anapita kumunda.

Mvula yoyamba itagwa, titangodzala kumene, anthu a mfuti anafika m'mudzi mwathu kusanache. Ife tinali kumalo athu ogona aja, m'mphepete mwa mtsinje. Tinamva ng'ombe zikulira, kenako tinaona moto. Anatenga ng'ombe, anatenga anyamata ndi amayi ena oti akawasenzere katundu, nkhokwe zimene sanathe kutapa anaziyatsa. Usiku wotsatira tinanyamuka.

Ulendowo ndimaukumbukira kwambiri chifukwa cha mng'ono wanga, amene anali woyamwa. Aliyense pagulupo ankaopa kulira kwa mwana, chifukwa usiku mawu amapita kutali. Amayi sanamubereke kumbuyo. Anamumangirira kutsogolo, bere lili mkamwa, ulendo wonse. Pamutu anasenza dengu momwe munali poto, mthiko, kachitini ka mchere, khasu lozula mpini, ndi kathumba ka mbewu ya chimanga. Mbewu imeneyo abambo anati isiyidwe, amayi anakana. Ine ndinagwira chitenje chawo, mlongo wanga ali paphewa pa abambo. Agogo aakazi sanabwere. Anati iwo sangasiye manda a amuna awo, ndipo munthu wokalamba ngati iwo palibe angamutenge kukasenza katundu. Abambo anawagwadira, koma agogo anangoti, "Pita ndi ana, mwananga. Ine mudzandipeza."

Tinawoloka msewu kukuyera. Azakhali atationa sanafunse chilichonse. Anawalandira amayi dengu lija n'kuti, "Fikani, mlamu, pano mpanu," kenako anakoleza moto n'kutiphikira phala.

Poyamba tinkagona m'khitchini mwawo. Pambuyo pake amfumu anatilozera malo omanga, ndipo abambo anaimika kanyumba kophoma ndi dothi, denga la udzu. Malo omanga analipo. Malo olima ndiwo panalibe, ndipo sindikuwada eni mudzi pa ichi, chifukwa minda ya ku Ntcheu inali kale yochepa kwa eni ake omwe. Anthu ankabwerabe usiku ndi usiku. Dziko limene kalembera wa 1987 anapeza kuti lili ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni linadzasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni pofika 1992. Ku Nsanje othawa nkhondo anachuluka kuposa eni boma. Kumeneko ndi ku Mwanza ndi ku Mulanje ambiri ankakhala m'makampu, pamene ife a ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri tinalowa m'midzi ya abale. Boma la Kamuzu silinatitsekere malire, ndipo zimenezo sindidzaiwala.

Tinalembetsa, tinalandira khadi. Tsiku lolandira chakudya tinkaima pamzere kuyambira mmawa, a Red Cross akuitana maina n'kumatiyezera ufa, nandolo kapena nyemba, mtedza, mafuta ophikira, mchere ndi shuga pang'ono. Chakudya chimenecho chinatipulumutsa. Koma munthu amene anazolowera kuthyola ndiwo kuseri kwa nyumba yake, kumuimika pamzere ndi thumba m'manja n'kumuvula ulemu. Abambo sankapitako. Ankatuma amayi ndi ine, iwo n'kupita kukafuna ganyu.

Nkhuni zinali nkhondo ina. Mitengo ya m'mapiri oyandikira inatha tikuona, ndipo nyemba zouma zimadya nkhuni. Tinkaphikira mapesi ndi zitsononkho, utsi uli tho m'nyumba. Kuchitsime amayi ena ankatinena kuti Apwitikizi atithera mitengo, ena n'kumadandaula kuti ife tikulandira shuga pamene ana awo akumwa phala lopanda kanthu. Zinkandipweteka, koma lero ndimaona kuti dandaulo lawo linali ndi pogwira. Ndipo amayi omwewo ndi amene anadzagona pamaliro kwathu.

Chikuku chinalowa m'mudzimo chisanathe chaka chachiwiri. Ana ambiri ochokera kwathu tinalibe katemera, chifukwa zipatala zing'onozing'ono za kumidzi zinali zitawotchedwa kapena kutsekedwa, anamwino atathawa. Ndinayamba ndine: thupi kutentha, chifuwa, maso kufiira osatha kuyang'ana kuwala, kenako totupa kuyambira kuseri kwa makutu mpaka thupi lonse. Mwambo wake unali woti mwana wa chikuku asatuluke panja ndipo asasambe. Ndinagona mumdima m'kanyumba kaja, amayi akundidonthezera madzi mkamwa ndi supuni. Ndinachira, khungu likufunduka. Mlongo wanga nayenso anachira.

Mng'ono wanga anali atayamba kumene kuyankhula. Totupa take titayamba kuzilala tonse tinati wapulumuka. Koma chifuwa sichinathe. Anayamba kupuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati, kenako anatsekula m'mimba n'kukana kudya. Chinali chibayo, chimene chimakonda kutsatira chikuku mwa mwana wofooka ndi njala. Amayi anamubereka kulowera kuchipatala, abambo ali pambuyo, ndipo anabwerera panjira. Ndinawaona akubwera chapatali, abambo atavula chipewa, amayi atamufunditsa mwana mpaka kumutu.

Amfumu anatipatsa malo kumanda a mudziwo, ndipo adzukulu a pamudzipo ndiwo anakumba. Amayi polira ankabwereza mawu amodzi, akuti mwana wanga ndakusiya kwa eni. Patapita nthawi yochepa a zaumoyo anabwera kudzabaya katemera pansi pa mtengo wa kusukulu, ndipo amayi anatigwira ine ndi mlongo wanga kukaima pamzere ngakhale tinali titadwala kale. Masiku ano ndikamva kholo likukaniza mwana katemera wa chikuku, mtima umandiwawa kwambiri. Jakisoni mmodzi akanafika msanga, bwenzi lero ndili ndi mng'ono wanga.

Matenda a amayi anabwera mu 1990, ndipo anabwera mwakachetechete. Chaka chimenecho mtedza unasiya kubwera pa chakudya cholandira, miyezi n'kumapita. Nyemba zikachepa amayi ankatigawira ana ndi abambo, iwo n'kumadya nsima yotsala ndi madzi a mchere kapena katherere. Ankati akhuta. Masana onse ankakhala padzuwa, kupalira m'minda ya anthu kuti apeze ya sopo ndi ya chigayo.

Choyamba chinali khungu. Kuseri kwa manja, m'mikono ndi pamwamba pa mapazi kunada n'kuyamba kukakala, kenako kusweka. M'khosi munazungulira chibanga chakuda ngati avala mkanda. Pamene panali pophimbika ndi malaya panalibe kanthu, malire ake ooneka bwinobwino pomwe nsalu inalekezera. Lilime linafiira n'kumawotcha, moti ngakhale phala ankalimeza akutsinzina. Anayamba kutsekula m'mimba. Anthu anayamba kunong'ona. Ena ankati ndi khate, ena ankati alodzedwa, ena ankatchula Edzi, imene nthawi imeneyo inali itayamba kutenga anthu. Kuchitsime anasiya kubwereka chikho chathu.

Chimene chinandiopsa ine si khungu ayi. Amayi anayamba kusokonezeka. Ankakhala pakhonde kuyang'ana malo amodzi, nsima ikupserera pamoto. Tsiku lina ndinawapeza atatenga mbale yaing'ono, akuika nsima n'kumaitana mng'ono wanga kuti adzadye. Nditawauza kuti amayi, mwana uja kulibe, anandiyang'ana ngati sakundidziwa, n'kundifunsa kuti ndine mwana wa yani. Ndinathawira kuseri kwa nyumba kukalira. Kuyambira pamenepo mthiko unali wanga. Ndinkavundula nsima poto nditamupana ndi mapazi chifukwa manja analibe mphamvu, n'kumawasambitsa amayi madzulo pamodzi ndi azakhali.

Abambo anayenda kwa asing'anga, anagulitsa bulangeti limodzi mwa amene tinalandira. Sizinathandize. Azakhali ndiwo anadula nkhani. Anabwera mmawa wina atamanga kale chitenje n'kuti, "Achimwene, mlamu wanga akutha tikuona. Bwerekani njinga, lero tikupita kuchipatala."

Wachipatala amene anawaona sanachedwe. Anayang'ana m'khosi, anatembenuza manja, anati atulutse lilime, kenako anafunsa abambo kuti, "Bambo, mtedza munadya liti kunyumba kwanu?" Abambo anasowa choyankha. Anatiuza kuti matendawa ndi pelagra, si khate ndipo sapatsirana. Amabwera munthu akamadya chimanga chokhachokha nthawi yaitali, chifukwa thupi limasowa vitamini wotchedwa niacin. M'chimanga alimo, koma thupi silitha kumutenga bwino. Mu mtedza ndiye alimo wambiri, komanso mu nyama ndi nsomba. Anatipatsa timapiritsi toyera n'kutiuza kuti amayi azivala za manja aatali ndipo asamakhale padzuwa.

Sindinakhulupirire kuti timapiritsi tating'ono choncho tingabweze munthu. Koma sabata isanathe lilime linazizira, kutsekula kunaleka. Kenako mmawa wina amayi anadzuka n'kundidzudzula kuti ndasesa pabwalo mosalongosoka, akunditchula dzina langa. Sindinayambe ndasangalalapo ndi kudzudzulidwa ngati tsiku limenelo. Khungu ndilo linachedwa, ndipo zipsera za m'manja anakhala nazo mpaka ukalamba.

Nditakula ndinadzamva kuti amayi sanali okha. Pakati pa February ndi October 1990, othawa nkhondo oposa 18,000 m'Malawi anapezeka ndi pelagra, ndipo akazi ndiwo anadwala kwambiri kuposa amuna ndi ana aang'ono. Ine sindidabwa nazo. Ndinaona ndi maso anga amene amadya pomaliza m'nyumba ya njala. Pambuyo pa mliri umenewo mtedza unabwereranso, ndipo anayamba kuthira mavitamini mu ufa wolandira.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mayi amene ankakolola mtedza wodzadza nkhokwe anatsala pang'ono kupenga chifukwa chosowa mtedza wodzadza dzanja. Kukacha bwino, tikaima pamsewu, mapiri a kwathu tinkawaona. Mvula inkagwa m'minda yathu chaka ndi chaka, m'mindamo mukumera tchire.

Azakhali anakambirana ndi amuna awo, ndipo anatidulira kachigawo ka dimba lawo. Kanali kakang'ono, mizere yowerengeka, koma amayi anadzalamo mpiru, nyemba ndi maungu, ndipo m'mphepete mwa munda wa azakhali anatilola kuika mtedza. Khasu lija linapeza mpini. Chimanga cha kwathu chija amayi ankachidzala kuseri kwa kanyumba chaka chilichonse n'kusungako mbewu. Tsiku limene anatiphikira nkhwani wotendera ndi nsinjiro za mtedza wolima okha, anaitana azakhali kuti adzadye nafe.

Abambo okha ndiwo sanakhazikike. Mtendere unali udakali kutali, poti pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo, Afonso Dhlakama, anadzasainirana pangano la mtendere ku Rome pa 4 October 1992. Koma amuna ena a m'mudzimo anali atayamba kale kuwoloka msewu mobisa, kukakumba mbatata zomera zokha ndi kukathyola mapichesi m'mabwinja. Ena ankabwera ndi matumba odzadza. Mmodzi anabwera atanyamulidwa pamachira, mwendo utaduka ndi bomba lokwirira pansi. Amayi anawachonderera abambo kuti asayese, koma abambo anati atopa kudyetsa ana ndi khadi, ndiponso chichokereni kwathu anali asanamve chilichonse cha amayi awo. Ananyamuka usiku ndi thumba lopanda kanthu ndi chikwanje, pamodzi ndi amuna ena awiri. Za ulendo umenewo, ndi mmene anawapezera agogo, ndidzalemba mu gawo lachinayi.