Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Kapositi ka ku Limbe

Gawo lapitalo ndinalekezera pamene amalume anandipezera malo pashopu yokonza mafoni ndi makina a fakisi ku Limbe. Munali mu 2004, chaka chimene a Bingu wa Mutharika analowa m'boma. Mafoni a m'manja anali atayamba kale kuwanda, TNM ndi Celtel akulimbirana anthu, koma ofesi iliyonse yodziwika inkadalirabe foni ya waya, ija tinkangoti graundi. Maoda a katundu, makalata a kubanki, zonse zinkayenda pa fakisi. Fakisi ikafa, mu ofesimo mumakhala ngati mwagwa zovuta.

Miyezi yoyambirira ntchito yanga inali kusesa, kukagula chipisi cha abwana, ndi kuchotsa fumbi m'makina ndi kaburashi kotsukira mano. Pashopupo panali laini imodzi yokha, ndipo abwana ankailondera ngati nkhokwe ya chaka cha njala. Tikakonza fakisi, kuti tidziwe ngati yachiradi, ankaimbira mnzawo wa ku Ginnery Corner n'kumupempha alandire pepala, kenako atitumizirenso lina. Bilu inkangokwera, mnzawoyonso anayamba kunyinyirika. Ndiye akuba akafukula waya wa kopa usiku, laini inkangoti zii sabata yathunthu, makina okonzakonza n'kumangounjikana pashelefu osayesedwa.

Tsiku lina abwana anatsika basi yochokera ku Johannesburg atafukata kanthu m'bulangete ngati khanda. Kanali kabokosi kachitsulo kotuwa, kogwirapo kale ntchito, kopangidwa ku America, kukula kwake ngati Baibulo la paguwa. Kanali ndi timabowo tinayi tolowetsamo waya wa foni. Pachizungu amati telephone line simulator. Mlonda wathu, mdala wa ku Chiradzulu amene anakula lamya zili m'manja mwa a positi, atamva ntchito yake anati, "Ndiye kuti mwagula kapositi kanukanu, bwana." Dzina linakhala lomwelo. Mdalayo sanaphonye, poti mpaka mu 2000 makalata ndi lamya zinalidi pansi pa bungwe limodzi la boma, asanaligawe kukhala MTL ndi Malawi Posts Corporation.

Ntchito ya Kapositi inali kunamiza foni. Foni ya waya ilibe batire, moyo wake umachokera ku ekisichenji, malo a kampani ya mafoni amene malaini onse amakumanirako, kudzera pa timawaya tiwiri. Ikangokhala phee, pa timawayapo pamakhala mavolti pafupifupi 48. Mukainyamula magetsi amayamba kuyenda, mavolti aja n'kutsika kufika cha m'ma 10, ndipo ekisichenji imadziwa kuti wina akufuna kuimba, n'kutumiza kaphokoso kaja ka tuuu. Zonsezi kabokosika kankachita pakokha. Bowo lililonse linali ndi nambala yake, 101 mpaka 104. Mukalumikiza foni pabowo loyamba n'kudina 102, ya pabowo lachiwiri inkalira, zonse zili patebulo limodzi, popanda ngakhale tambala yopita kubilu. Fakisi sinkadziwa kuti inzake ikucheza nayoyo ili pambali pomwepo. Iyo inkayesa ili ku Mzuzu.

Poti kanali ka ku America, kankafuna magetsi a mavolti 110, pomwe athu kuno ndi 230. Abwana anagula thiransifoma yolemera ngati njerwa ziwiri, n'kulemba ndi penti yofiira pakabokosipo kuti OSALUMIKIZA KUKHOMA. Lamulo limenelo ndinalisunga ndithu. Lomwe sanandiuze ndi la mano.

Kumudzi waya wa wailesi tinkasenda ndi mano, ndipo khalidwelo ndinabwera nalo m'tauni. Tsiku lina masana ndikulumikiza waya wa pabowo lachitatu, pulayala ndinaisowa, ndiye ndinangouponya kukamwa. Nthawi yomweyo mkulu wanga pantchito, amene ndinkangoti achimwene, anadina 103 mbali inayo. Abale anga, ndinaona nyenyezi dzuwa likuswa mtengo. Kuti foni ilire imafuna magetsi ena, a mavolti pafupifupi 90, opita uku ndi uku ka 20 pa sekondi, okwanira kumenyetsa belu la mafoni akale aja. Onsewo anathera palilime langa. Ndinalumpha, mpando uko, sikuludiraiva uko. Abwana anatuluka mu ofesi n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Wafa?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye dzutsa mpandowo. Safunsa anadya phula, iwe wadya magetsi."

Masiku awiri nsima inkandimvekera chitsulo m'kamwa.

Pa malonda Kapositi kanatikweza. Wofuna kugula foni kapena makina oyankha okha tinkamuuza adine yekha nambala, aimve ikulira pamaso pake, ndipo ambiri ankapisa m'thumba osanenerera. Abwana anayamba kunena kuti chimene chadutsa pa Kapositi chilibe mlandu. Ine ndinkavomereza ndi mtima wonse. Sindinkadziwa kuti laini ya kabokosika ndi yoyera mopitirira, yosadziwa mvula, dzimbiri kapena khoswe.

Mu Disembala chaka chomwecho kunabwera mayi wina wa paboma la Thyolo, mwini byulo, muja anthu ankalipira kuti aimbe foni, atumize fakisi kapena afotokope zikalata. Fakisi yawo inkadukiza pepala pakati, nthawi zina n'kutulutsa mizeremizere yokhayokha. Tinaitsegula, tinapukuta kagalasi, tinasintha labala yokoka mapepala, tinaiyesa pa Kapositi. Masamba khumi, onse oyera mbee. Analipira n'kumapita. Patatha masiku anayi anatulukiranso, fakisi ili pamutu m'chitenje. Tinaiyesanso, osapeza kanthu. Ulendo wachitatu mpando anaukana.

"Bambo, ine ndine wamasiye, ndalama sinditola pansi. Kabokosi kanuko n'kamatsenga. Pano zimatheka, ndikafika kwathu zikanika. Mukundibera ndikuona."

Abwana sanakangane nawo. Anatembenukira kwa ine. "Mawa unyamule Kapositi, thiransifoma ndi fakisi yaing'ono ija, upite kwa mayiwa. Usabwere usanapeze wodwala."

Aka kanali koyamba kunditumiza ndekha. Usiku umenewo tulo sindinatione.

M'mamawa ndinakwera minibasi pa Limbe, katundu yense pamwendo. Kondakitala ankafuna ndilipirire thiransifoma ngati munthu, ati ikudya malo, mpaka agogo ena anandinenerera. Titadutsa Bvumbwe mvula inayamba, minda ya tiyi ija inangobisika ndi nkhungu, ine n'kuvula jekete kufunditsa Kapositi.

Byuloyo inali kachipinda kuseri kwa golosale, denga la malata lopanda siling'i. Ndinayamba ndi zomwe ndinkadziwa: fakisi yawo pabowo loyamba, yathu pabowo lachiwiri, zonse patebulo. Pepala linadutsa bwinobwino.

"Mwaonatu," anatero mayiwo, manja ali m'chiuno. "Matsenga omwe aja mwangowasamutsira kuno."

Ndinasowa chonena. Ndinatuluka panja ngati ndikukaona china chake, chonsecho ndimathawa maso awo. Ndili pakhonde ndinaona kabokosi ka pakhoma pamene waya wa kumtengo amakumana ndi waya wa m'nyumba. Kuchokera pamenepo waya wa m'nyumbayo ankakwera, n'kudutsa kunsi kwa malata m'golosale monse, n'kukatsikira patebulo la mayi aja. Nthawi yonseyi ife tinkayesa fakisi yokha. Waya ameneyu sanafikepo ku Limbe.

Ndinabwereka waya wamagetsi wautali kugolosale, ndinamasula waya wa kumtengo, pamalo pakepo n'kulumikiza Kapositi. Tsopano kabokosi kathu kanakhala ekisichenji ya nyumba yonseyo. Ndinathamangira mkati n'kuika mita yoyezera mavolti pasoketi ya foni. Inawerenga pafupifupi 48, ngati palibe vuto, ndipo mtima unangoti fwaa. Pambuyo pake m'pomwe ndinamvetsa kuti mita imakoka magetsi ochepa kwambiri, moti ngakhale polumikizira powola imakuuzani kuti zonse zili bwino. Tsikulo ndinangonyamula foni chifukwa chosowa chochita.

Munkamveka ngati wina akukazinga chimanga m'phale. Tuuu uja analipo, koma kunsi kwake kuli thethethe wosalekeza, ndipo mphepo ikawomba malata phokosolo linkakula. Kapositi ndinkakadziwa ngati chikhatho changa, phokoso kalibe. Waya wa kumtengo ndinali nditamasula ndekha. Wotsala anali mmodzi.

"Mayi, tamverani."

Anaika kukhutu, nkhope n'kuchita tsinya. "Izi ndimazimva tsiku lililonse. Ndimayesa ndi mmene mafoni amalirira nyengo ya mvula."

Munthu amamva mnzake ngakhale pali phokoso lotere, amangokweza mawu. Fakisi siitero. Ziwiri zikakumana zimayamba zalonjerana ndi timaliu tija, kenako zimayesa laini kuti zigwirizane liwiro. Ya mayiyo inkayambira pa liwiro la mabiti 14400 pa sekondi. Zikakanika zimatsika, 9600, 4800, mpaka 2400, ndipo phokoso likabwera pepala lili pakati mizere imasokonekera kapena zimangodula. Ndinatumiza pepala kudzera pa waya wa m'nyumbayo mayiwo akuona. Linatuluka theka, makina n'kulira kuti zakanika. Kunena zoona, sindinasangalalepo ndi chinthu cholephera ngati tsiku limenelo.

Mwini golosale anandibwereka mgolo woti ndikwerepo. Ndinatsatira wayayo ndi zala pamtanda uliwonse, fumbi ndi ndowe za makoswe zikundigwera m'maso. Pamwamba pa shelefu ya sopo ndinapeza chotupa. Wina wake, kaya ndi amene ankachita lendi kale, analumikiza mawaya awiri pongowapotokola ndi manja, n'kukulunga ndi pepala la shuga. Pamwamba pake penipeni panali bowo la msomali, madzi akudontha mmodzimmodzi. Nditamasula pepalalo munatuluka madzi, kopa yense ali wobiriwira ngati ndere, n'kumangofumbutuka pogwira.

Ndinatsika nacho chidutswacho n'kuchiika m'manja mwa mayi aja. Anachitembenuza kangapo osayankhula.

Ndinakoka waya watsopano, wathunthu wopanda mfundo, ndipo ulendo uno ndinasenda ndi pulayala. Bowo la msomali tinalimata ndi phula. Pa Kapositi foni inamveka yoyera. Ndinabwezera waya wa kumtengo pamalo pake, mayiwo n'kutumiza pepala kushopu kwathu ku Limbe, pa laini yeniyeni. Tinadikira tonse atatu, ndi mwini golosale yemwe. Patapita kanthawi fakisi inalira n'kuyamba kulavula pepala, lolembedwa ndi dzanja la abwana, zilembo zikuluzikulu: LAFIKA. BWERAKO KUSANADE.

"Mwananga," anatero mayiwo, "ukawauze abwana ako kuti pakamwa panga panalakwa." Analowa kuseri n'kubwera ndi phava la nthochi, zija za ku Thyolo, n'kundikaniza kukana.

Ndinafika ku Limbe magetsi a mumsewu atayaka, malaya ali chonyowa, mapewa akuwawa ndi thiransifoma. Abwana anali akudikira pakhomo ndi mlonda uja. Sanafunse ngati ndadya. Analandira Kapositi, anakapukuta ndi mpango wawo, anakalumikiza, n'kudina 102. Foni italira m'pomwe anandiyang'ana, kenako n'kuyang'ana nthochi zija.

"Izo ndi za shopu," anatero, akuthyolapo ziwiri.