Nkhosa zikudya msipu pakati pa miyala ya ku Avebury

Anzanga kuntchito ankangolimbikira za Stonehenge, bwalo lotchuka la miyala yakalekale ku England. Koma nditamva kuti kumeneko miyala umaionera kuseri kwa chingwe chimene anamanga mu 1978, ndinakwera basi ku Swindon n'kulowera ku Avebury, mudzi womwe ulinso ndi bwalo la miyala, m'chigawo chomwecho cha Wiltshire.

Nditatsika ndinafunsa agogo ena kuti, "Pepani mayi, bwalo la miyala lija lili kuti?" Anangoseka n'kuloza uku ndi uku. Kani ndaima m'kati mwake! Msewu ukudutsa pakati, nyumba zili momwemo, malo omwera mowa alipo, nkhosa zikudya msipu osatekeseka. Bwaloli ndi lalikulu kuposa mabwalo onse a miyala padziko, pafupifupi mamita 330 kuchoka mbali ina kufika ina. Chingalande cholizungulira anachikumba zaka zoposa 4,000 zapitazo, khasu kulibe, ndi nyanga za agwape basi.

Kuno mwala umaugwira. Ndinatsamira umodzi wondipitirira kutalika, wozizira ngati mtsuko wa m'mamawa, ndere zitamera m'ming'alu.

Chimene chinandigwira mtima ndi timizati ta simenti tomwe taima m'malo mwa miyala yosowa. Pa miyala pafupifupi 100 ya bwalo lakunja, yotsala siifika theka. Anaononga si adani ayi, ndi eni mudzi. Ina anaikwirira m'maenje. Ina, cha m'ma 1700, ankaisonkhera moto, kuithira madzi ozizira, n'kuiswa ndi nyundo kuti amangire nyumba. Ukayang'ana bwino makoma a m'mudzimo, zidutswa zake uziona.

Amene anafukula ndi kudzutsanso miyala yambiri ndi Alexander Keiller, mpondamatiki wina, m'ma 1930. Mu 1938 anapeza mafupa a munthu pansi pa mwala, pambali pali lumo ndi tindalama tasiliva ta m'ma 1300. Amati anali wometa anthu, ndipo mwalawo mpaka lero umatchedwa ndi ntchito yakeyo.

Pano malowa amasamalira a National Trust, bungwe losamalira malo akale, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 1986, limodzi ndi Stonehenge. Manyazi anandigwira pang'ono: zojambula za pamiyala za ku Chongoni, ku Dedza kwathu, zinalowa mndandanda womwewo mu 2006, koma ine Dedza ndimangomudutsa, kuima n'kugula mbatatesi kokha.

Pobwerera, dalaivala anayang'anitsitsa nsapato zanga. Zinali ndowe za nkhosa zokhazokha.